Asanakhale dotolo, akadali mwana wanu

Sabata ino tikambirana nkhani imene ambiri sitiiganizira chifukwa imafika pakati pa nthungululu. Kodi mwana akasankhidwa kukaphunzira udotolo, amamugwira dzanja ndani?

Ndiyambe ndi zimene ndidaziona ndi maso angawa kuno ku Chirimba. Mtsikana wina wa m'dera mwathu muno adakhoza bwino zedi mayeso a Fomu 4, ndipo dzina lake lidatuluka pamndandanda wa opita ku Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri timangoti KUHeS. Mayi ake amagulitsa masamba pamsika, bambo ake amagwira ntchito pafakitale ina. Tsiku limenelo pakhomopo padali phwando. Nkhuku zidafa, amayife tidavina mpaka fumbi lili koboo! Kuchokera pamenepo dzina la mwanayo lidaiwalika. Aliyense, kuyambira tiana mpaka akuluakulu, adayamba kumuitana kuti "adokotala".

Patatha miyezi isanu, mayi uja adandipeza ndikuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Nkhope yokha idandiuza kuti sikuli bwino.

"Anesi, mwana wanga uja wasintha," adatero. "Foni sayankha. Akabwera Loweruka amangodzitsekera kuchipinda, nsima kungotsina pang'ono basi. Waonda. Kodi anthu sanamuchite chipongwe mwana ameneyu?"

Ndidawapempha kuti amutume kwathu kudzatenga mbewu ya mpiru. Adabweradi Lamulungu masana. Tidakhala pakhonde tikusadzula nkhwani, ine osamufunsa kanthu za sukulu. Nkhwani itatsala pang'ono kutha, ndidangoona misozi ili mbwembwembwe. Adali atalephera mayeso awiri a chemistry, iye amene chiyambire Sitandade 1 sadatsikepo pa nambala 3. Ndalama ya chakudya inkathera kufotokope ndi kugula bandulo ya intaneti, motero ankadya kamodzi patsiku. Usiku tulo osabwera. Ndipo zonsezi sadauzepo munthu, kaya kunyumba kaya kusukulu.

"Agogo, ndikanayambira pati?" adandifunsa. "Chirimba yonse ikundiitana kuti dokotala. Amayi anatenga ngongole kubanki mkhonde chifukwa cha ine. Ndiye ndikawauze kuti ndalephera?"

Mawu amenewa ndiwo andichititsa kulemba lero. Mfundo yanga ndi imodzi yokha. Mwana akalowa sukulu ya udotolo, ntchito ya makolo imakhala isadathe. Chaka choyamba ndi pamene amafunika thandizo kwambiri, ndipo thandizolo lilipo, koma silimufika mwana amene waphunzitsidwa kuti kupempha n'kochititsa manyazi.

Ulendo wake ndi wautali

Ambiri timasangalala osadziwa kutalika kwa njira imene mwana wayamba. Wochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka cha maziko, chimene ophunzirawo amachitcha premed, kubwereza mozama masamu ndi sayansi. Kenako pamabwera zaka 5 za udotolo weniweni. Zonse pamodzi ndi zaka 6, ngati sadabwereze kalasi. Akamaliza, amagwiranso ntchito miyezi 18 pachipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi madotolo akale, bungwe la Medical Council of Malawi lisadamulole kuima payekha. Ndiye kuti mwana wobadwa tsiku la phwando lija adzakhala ali ku pulaimale pamene "adokotala" athu adzakhale dotolo wokwanira.

Sukuluyi siyakale kwambiri. College of Medicine idatsegulidwa m'chaka cha 1991 ngati nthambi ya University of Malawi. Isadatsegulidwe, Amalawi ofuna udotolo ankatumizidwa kunja, monga ku Britain. Mmodzi mwa amene adalimbikira kuti tikhale ndi sukulu yathuyathu adali malemu Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi. Sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idayamba mu 1979. Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2019 kuti ziwirizi ziphatikizane, ndipo mu 2021 KUHeS idayamba ntchito. Ophunzira udotolo ali m'mbali mwa msewu wa Mahatma Gandhi, kufupi ndi chipatala cha Gulupu, pomwe anamwino ena ali pa Kameza, pakhomo pathu pompano. Kumeneko kulinso ophunzira za mankhwala, za mano, za kulabu ndi za mafizo. Zimene ndikulemba pano zikukhudza onsewa.

Tizikumbukiranso kuti ngakhale madotolo athu oyamba sadafike okha. Dr Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu, amene adamaliza maphunziro a udotolo ku Meharry Medical College ku America mu 1917, adafika kumeneko potsatira mmishonale Emma DeLaney, amene adamudziwa ali mnyamata ku PIM. Naye Dr Kamuzu Banda, amene adamaliza pasukulu yomweyo mu 1937, adathandizidwa ndi mpingo komanso anthu akufuna kwabwino. Ngati akuluakulu amenewa adagwiridwa dzanja, mwana wanu angachite nazo manyazi chifukwa chiyani?

Zimene zimamudikira kumeneko

Choyamba ndi kuchuluka kwa maphunziro. Kusekondale mphunzitsi amalemba notsi pabolodi, amabwereza, amafunsa ngati mwamva. Kuyunivesite mphunzitsi amatha kumaliza mutu wathunthu mu ola limodzi n'kutuluka, zotsalazo ukawerenge wekha. Njira yoloweza usiku umodzi mayeso ali mawa, imene idamuthandiza ku Fomu 4, kuno siigwira.

Chachiwiri n'chakuti m'kalasimo aliyense adali nambala wani kumene akuchokera. Mwana amene adazolowera kutsogola amapezeka ali pakati, mwinanso kumapeto. Kwa ife akulu ndi nkhani yaing'ono, koma kwa iye zimakhala ngati dziko lagwa. Wochokera kusekondale yoyendera amakumananso ndi anzake olankhula Chingerezi cha pamphuno, okhala ndi laputopu ndi foni zodula, ndipo amayamba kudzikayikira ngati malowo ndi ake.

Chachitatu ndi mtembo. Kwathu kuno mwana sayandikira maliro, amauzidwa kukasewera kutali. Koma akangomaliza chaka cha maziko, mwana yemweyo amapatsidwa mpeni kuti aphunzire mmene thupi la munthu lidapangidwira pogwiritsa ntchito mtembo weniweni. Ena amasanza, ena amalota, ena amasiya kudya nyama kwa masabata angapo. Zimenezi sizitanthauza kuti sangakhale dotolo, kapena kuti mizimu yamukwiyira. Ndi umunthu chabe, ndipo zimatha.

Ine ndemwe ndidaziona ndili kusukulu ya unamwino m'zaka za m'ma 1980. Usiku wanga woyamba muwodi, bambo wina amene ndidamumwetsa phala madzulo adamwalira mbandakucha. Ndidathawira kuchipinda chotsukira ziwiya n'kulira, ndikuganiza zolongedza katundu kubwerera kumudzi. Namwino wina wachikulire adandipeza, adandipatsa tiyi, n'kunena kuti: "Mwanawe, tsiku limene udzasiye kumva chisoni ndi limene udzayenere kusiya ntchitoyi." Kukadapanda mayi ameneyo, bwenzi zaka zonse ndagwira m'chipatalazi kulibe.

Chachinayi ndi malo ogona. Si onse amapeza malo kuhositelo. Ena amachita lendi ku Chitawira, Nkolokosa, Naperi kapena Zingwangwa, kugawana kachipinda anthu awiri kapena atatu. Ena makolo amati, "Iwe ndi wa mu Blantyre momwemuno, uzichokera pakhomo." Koma taganizirani kuchoka ku Chirimba m'mamawa, kuima pamzere wa magalimoto wa pa Clock Tower, kubwerera kutada, n'kupeza mbale zikumudikira, magetsi azima. Awerenga nthawi yanji?

Thandizo lilipo, koma silisaka munthu

Ophunzira atsopano akafika, pamakhala masiku owalandira ndi kuwaonetsa malo. Ana ambiri amawatenga masiku amenewa ngati tchuthi, ena amafika mochedwa dala. Kumeneko ndi kulakwitsa. M'masiku amenewa ndi mmene amauzidwa malamulo a mayeso ndi makomo oyenera kugogoda zinthu zikathina. Muuzeni mwana wanu kuti pomatha sabata yoyamba akhale atalemba m'kabuku mayankho a mafunso awa: Ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ili pati? Mlangizi wa ophunzira amapezeka kuti, ndipo nthawi yanji? Mphunzitsi woyang'anira kalasi yathu ndi ndani? Ndikadwala ndipite kuti? Ndikadwala kapena kuferedwa nthawi ya mayeso, ndiuze ndani ndipo ndilembe kalata yotani?

Funso lomalizali n'lofunika koposa. Sukulu za ukachenjede zili ndi njira yomverera wophunzira amene wagweredwa vuto lenileni, koma zimafuna kuti anene nthawi yabwino ndiponso abweretse umboni, monga kalata ya kuchipatala. Amene wangokhala chete, n'kukalemba mayeso mutu uli kumaliro, n'kudzafotokoza zotsatira zitatuluka kale, amapeza kuti zavuta. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Aphunzitsi nawo ndi anthu. Ambiri mwa iwo adadutsa m'makalasi omwewo ndipo ena adalepherapo mayeso. Mwana akalephera koyamba, apite ndi pepala lake kwa mphunzitsi n'kufunsa pamene padalakwika. Asadikire mayeso otsiriza. Safunsa adadya phula.

Palinso anzake a m'makalasi a patsogolo. Amenewa ndi chuma. Amadziwa buku lothandiza ndi longotaya nthawi, amasunga mapepala a mayeso akale, amadziwa kumene kuli nyumba za lendi zotetezeka. Mwana apeze mkulu mmodzi wamakhalidwe abwino woti azimufunsa nzeru. Alowenso m'kagulu kowerengera limodzi ka anthu anayi kapena asanu, chifukwa chimene wafotokozera mnzako sichiiwalika msanga. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la ophunzira, magulu a mapemphero monga SCOM ndi a ophunzira achisilamu, ngakhale timu ya mpira, zonsezi zimathandiza kuti mwana asakhale yekhayekha.

Nkhani ya ndalama

Apa ndi pamene ana ambiri amavutikira chamumtima. Kale boma linkadyetsa ndi kugoneka ophunzira ake, ndipo makolo ambiri tikadali ndi chithunzi chimenecho. Zidasintha. Masiku ano pali fizi, lendi, chakudya, thiransipoti, fotokope, intaneti, jekete yoyera ija ndi zipangizo zina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zonsezi idakwera, koma makolo ena adapitiriza kutumiza ndalama yomwe ija.

Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Limalengeza nthawi yofunsira ngongole, ndipo nthawiyo ikatha yatha. Musadikire sukulu itsegulidwe. Dzina likangotuluka, yambani kutchera khutu ndi kusonkhanitsa makalata a umboni amene akufunika. Kumbukiraninso kuti imeneyi ndi ngongole, idzabwezedwa mwana akayamba ntchito kuti enanso apindule. Palinso mabungwe ena, monga Medic to Medic la ku Britain, amene amathandiza ophunzira za umoyo ovutika. Ofesi yoona za ophunzira ndiyo ingamuuze mwana za mwayi umene ulipo chaka chimenecho.

Kunyumba, khalani pansi ndi mwana, pepala ndi cholembera zili pamanja. Muuzeni zoona za mmene thumba lanu lilili, nayenso akuuzeni zoona za mmene zinthu zikudulira. Ndi bwino kutumiza kandalama kochepa tsiku lodziwika mwezi uliwonse kusiyana ndi kulonjeza zambiri zosafika. Kathumba ka ufa, nyemba, usipa ndi chiponde zimachita zazikulu. Mwana wanjala ndi amene amagwa m'manja mwa akatapila, amayamba kubetcha pampira poganiza kuti apeza ya lendi, kapena, ngati ndi mtsikana, amakodwa ndi zidyamakanda zoimika magalimoto pageti. Ndipo mtsikana wanu adziwe kuti wina aliyense, kaya ndi wamkulu chotani, akamufuna chibwenzi posinthana ndi malikisi kapena thandizo, umenewo ndi mlandu ndipo akanene. Adziwenso kuti inu mudzamukhulupirira.

Thupi lake nalo litetezedwe

Apa ndilankhula ngati namwino. Wophunzira za chipatala amagwira magazi, masingano ndi odwala chifuwa. Pali zinthu zitatu zimene ayenera kudziwa asanalowe muwodi.

Choyamba ndi katemera wa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B, amene amafala kudzera m'magazi mosavuta kuposa HIV. Dziko lino lidayamba kupereka katemerayu kwa makanda kusikelo mu 2002. Funani kabuku ka kusikelo ka mwana wanu muone ngati adalandira onse. Ngati kadatayika kapena simukutsimikiza, akafunse kuchipatala. Kwa wamkulu, katemerayu amabayidwa katatu m'miyezi 6.

Chachiwiri, akadzibaya ndi singano imene yagwiritsidwa ntchito pa wodwala, asabise poopa kukalipiridwa. Atsuke pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda, auze sisita woyang'anira wodi nthawi yomweyo. Pali mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, amene ayenera kuyambidwa msangamsanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Ola lililonse lochedwa ndi lotayika.

Chachitatu ndi TB. Akakhosomola masabata awiri, akamatuluka thukuta usiku kapena kuonda, akayezetse. Asadzilembere yekha mankhwala, ngakhale atawerenga mabuku angati.

Pamene mtima wadwala

Tsopano ndifike pa zimene zidamugwira mtsikana uja. Ambiri timaganiza kuti wophunzira udotolo sangadwale maganizo popeza ndi wanzeru. Si choncho. Mu 2016, magazini ya madotolo ya ku America yotchedwa JAMA idasindikiza kafukufuku amene adaphatikiza zopeza za m'maiko oposa 40. Adapeza kuti ophunzira udotolo 27 mwa 100 alionse adali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa aja amati depression, ndipo 11 mwa 100 alionse adaganizapo zodzipha. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa amene adali ndi zizindikirozo, pafupifupi 16 okha mwa 100 ndi amene adakafuna chithandizo. Ena onsewo adangokhala chete, ngati mwana wathu uja.

Kutopa ndi kudandaula nthawi ya mayeso n'kwachibadwa. Koma mukaona izi zikupitirira masabata awiri, dziwani kuti pafunika thandizo: kusowa tulo kapena kungogona tsiku lonse, kusafuna kudya, kudzipatula, kusiya zimene ankazikonda, kupsa mtima ndi zazing'ono, kujomba m'kalasi, kuyamba mowa kapena chamba, ndi mawu onga akuti "ndine wachabechabe" kapena "bola kungofa".

Mukamva mawu otsirizawa musamukalipire, musamuuze kuti akulankhula zamwano. Mufunseni mwachindunji, modekha: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Ena amaopa kuti kufunsa kumamupatsa maganizowo. Ayi ndithu, kufunsa kumamutsegulira khomo loti alankhule. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi m'nyumba, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Gulupu kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Matendawa amachizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala, monga mmene timachitira ndi BP kapena shuga. Kupemphera n'kwabwino, koma kusatseke njira ya kuchipatala.

Mbali yathu makolo

Choyamba, mubwezereni dzina lake. Udokotala udzabwera nthawi yake. Pakali pano muitaneni ndi dzina limene mudamupatsa, kuti adziwe kuti pakhomo pano amakondedwa chifukwa ndi mwana, osati chifukwa cha jekete yoyera.

Chachiwiri, sinthani mafunso. Mukamuimbira foni, musayambe ndi "wakhoza bwanji?" Yambani ndi "wadya chiyani lero? Ukugona bwino? Anzako ndi ndani?" Mukatero n'kukhala chete, kumvetsera. Makolofe timafulumira kulangiza mwana asanamalize kulankhula.

Chachitatu, muuzeni poyera asananyamuke kuti: "Ukadzalephera mayeso, ndidzakhale woyamba kumva. Sindidzakutaya." Kusukulu zimenezi kuli mayeso obwereza amene ana amawatcha sapu, ndipo ena amabwereza chaka chathunthu. Ndagwira ntchito ndi madotolo abwino kwambiri amene adabwerezapo kalasi, ndipo palibe wodwala amene adawafunsa zimenezo. Choopsa ndi mwana amene wachotsedwa sukulu koma amadzuka m'mawa uliwonse, kuvala, kunyamula chikwama, chifukwa akuopa kunena kunyumba.

Chachinayi, musamusandutse chipatala cha pamudzi. Akabwera patchuthi, achibale amandandana: "Adokotala, tandionani mwendowu." Mwana wa chaka choyamba sadziwa kuchiza ndipo malamulo samulola. Akakana amaoneka wonyada, akavomera akhoza kupweteka munthu. Mutetezeni inuyo makolo. Chimodzimodzi musamuwerengere malipiro amene sanayambe kulandira, kumuuza kuti adzamanga nyumba ndi kuphunzitsa abale ake onse. Katundu ameneyo ndi wolemera pamutu pa mwana wa zaka 18.

Chachisanu, musamubisire zovuta za kunyumba mpaka kalekale, komanso musamuitanire pa chilichonse. Maliro a wachibale wapafupi ayenera kuuzidwa, ndipo sukulu idziwitsidwe. Koma chinkhoswe cha msuweni kapena mkangano wa malire a munda zisamuchotse m'kalasi.

Pomaliza, funsani mtima wanu kuti udotolowu akuufuna ndani. Alipo ana amene adalemba maphunzirowa chifukwa bambo adalamula. Mwana akanena mobwerezabwereza kuti mtima wake suli pamenepo, mumvereni, ndipo mupite naye kwa alangizi a kusukulu muone njira zimene zilipo asanataye zaka zambiri.

Kwa inu maanja achinyamata

Mwina mukuti nkhaniyi siikukukhudzani poti ana anu akadali kumkaka. Ikukukhudzani kwambiri. Mtsikana uja sadaphunzire kubisa mavuto ali kuyunivesite. Adaphunzira ali wamng'ono, pamene ankaona kuti akabweretsa nambala wani pakhomo pamakhala chisangalalo, akabweretsa nambala 3 pamakhala mafunso. M'mera mpoyamba. Mwana wanu akabwera ndi lipoti losakoma, musayambe ndi chikwapu. Khalani naye pansi muone limodzi pamene pavuta. Muyamikireni akafunsa funso, muyamikireni akavomera kuti sadamve. Ameneyo ndi amene adzathe kugogoda pakhomo la mphunzitsi akadzakula.

Enanu mwakwatira kapena kukwatiwa ndi wophunzira, mwina namwino kapena kiliniko ofesa amene wabwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro. Dziwiranitu kuti kudzakhala kugona kuchipatala, kudzakhala miyezi yotumizidwa kutali monga ku Mangochi kapena ku Lilongwe, ndipo ndalama pakhomo idzachepa. Kambiranani zimenezi sukulu isadayambe: ana adzawasamala ndani, lendi idzachokera kuti, apongozi adzauzidwa chiyani. Abambo, mkazi wanu akabwera usiku kuchokera kuwodi, kumuphikira nsima sikuchotsa ulemu wanu. Amayi, mwamuna wanu akakhala chete atataya wodwala, si kuti kuli wina kunjako. Nanunso ophunzira, musaiwale kuti mnzanuyo akusenza nawo mtolowu. Foni ya mphindi ziwiri ndi mawu oti zikomo zimasunga banja.

Mmene zidathera

Tsiku lija ndidamufunsa mtsikanayo mafunso onse amene namwino amafunsa, kuphatikizapo lovuta lija. Mwamwayi maganizo odzipha adalibe. Tidagwirizana zinthu zitatu: Lolemba akaonane ndi mphunzitsi wa chemistry, akafunse za mlangizi wa ophunzira, ndipo madzulo omwewo tikauze makolo ake tili limodzi.

Tidapitadi. Bambo ake adamvetsera mutu uli pansi. Ine mtima udali m'mwamba, osadziwa kuti atuluka ndi mawu otani. Atakhala chete kwa kanthawi adati: "Mwana wanga, ine Fomu 2 ndinalemba kawiri. Bwanji sunanene?" Mayi ake adalira, kenako adapita kukatenga ufa ndi nyemba.

Sindikunamizani kuti zonse zidasintha tsiku limodzi. Adalembabe sapu, ndipo patchuthi chonse ankabwera kudzawerengera pakhonde langa chifukwa kwawo kuli phokoso. Koma adakhoza, thupi lidabwerera, ndipo pano akupitiriza maphunziro. Ophunzira atsopano atafika, iye adadzipereka kukhala mmodzi mwa owalandira. Pamsika mayi ake akafunsidwa kuti "adokotala ali bwanji?" amayankha kuti: "Mwana wanga ali bwino, akuphunzira."

Makolo anzanga, dziko lino likusowa madotolo ndi anamwino, ndipo aliyense amene wafika pageti la sukulu ija ndi wa tonsefe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati m'dera mwanu muli wophunzira wotere, musangomuimbira m'manja. Muitaneni adzadye nanu nsima, mufunseni mmene akugonera, ndipo mumvetsere yankho lake.

Tikumanenso Lamulungu likudzali.